Botolo Lachitatu

Lolemba loyamba la mwezi uliwonse
ndimamanga bokosi la ayezi kumbuyo kwa njinga yamoto,
mabotolo atatu, magolovesi, cholembera chosafufutika,
n'kutsetsereka kuseri kwa Boma la Ntcheu
kumene fungo limandipatsa moni
ndisanawaone n'komwe madamu a zonyansa.

Botolo loyamba ndimatunga kumtunda kwa paipi.
Pamenepo mtsinje ukadali mwana wa m'phiri,
wozizira, woonetsa miyala ya pansi,
tinkhanu tikuthawa mthunzi wanga.

Lachiwiri ndi la pakamwa penipeni pa paipi.
Apa tauni imaulula zimene imabisa masana:
za kuchipatala, za kusukulu yogonera,
za bwana ndi za mlonda wake
zitasakanikirana osafunsana udindo.
Thovu lotuwa limazungulira pamwamba, osafulumira.

A Phungwako, oyang'anira madamu, aima poteropo,
jombo imodzi yomangidwa ndi waya.
"Pampu inafa dzinja la dzana," akutero.
"Damu lomaliza ladzaza matope, bango wamera pakati.
Makalata ndalemba asanu ndi awiri.
Lembani anu, mwina inu amakuwerengani."

Pakhoma la kaofesi kawo pali chilolezo m'felemu,
chidindo chofiirira, siginecha yopiringizika,
ndi manambala onena malire:
zotayira mumtsinje zisapyole apa.
Akangaude aluka ukonde pakona pake.
Mtsinje sunapiteko kusukulu,
suwerenga za m'felemu.

Lachitatu ndimatunga kumunsi, pa dimba la NaNgozo,
pomwe amaviika keni yake yobooka pakhosi.
"Madzi awa ali ndi mafuta, mwanawe,
kabichi amanenepa popanda feteleza."
Akuseka, uku akukanda msongolo
pamene zidzolo zasiya mamba otuwa.
Za mdzukulu wawo Sitiveliya,
amene anagona masiku anayi pa diripi mu Januwale,
sanena. Ndinazimva kwa ena.

Lero foni yalira ndili m'madzi mpaka m'mawondo.
"Mwezi uno kukubwera alendo ochokera ku likulu.
Botolo lachitatulo ukatunge chakumtunda pang'ono.
Madzi ndi madzi, Mlangeni, usativutitse."

Ndaima.
Udzudzu ukuimba m'khutu,
ngongole ya njinga ikuimba khutu linalo,
fizi ya Lekeleni sindinamalize.
Kumtunda si kutali, mapazi mazana atatu basi,
ndipo botolo lilibe pakamwa.

Amati madzi saiwala khwawa.
Saiwalanso chimene tawamwetsa.
Adzachinyamula usiku wonse tili m'tulo,
kudutsa pa mwala wochapira matewera,
kudutsa pomwera ng'ombe,
kukafika kwa munthu amene sanamvepo dzina la paipi iyi,
amene adzawerama, kupinda manja,
n'kumwa.

Ndamiza botolo pomwe pamizidwa keni.
Lakhuta, latulutsa timpweya, ndatseka.
Ndalemba tsiku, ola, malo enieni,
zilembo zikuluzikulu kuti wina asadzati sanaone.

Zotsatira zidzabwera pakatha masabata atatu.
Sindidziwa ngati zidzabala chindapusa,
kapena pampu, kapena kalata yondisamutsira kutali.
A Phungwako andithandiza kumanga bokosi,
akoka chingwe kawiri, mwamphamvu,
osanena kanthu.

NaNgozo andithamangira ndi kabichi mmodzi,
wamkulu ngati mutu wa mwana,
wolemera, wobiriwira bwino, madzi akudontha.
"Mukawapatse mayi a kunyumba."
Ndalandira ndi manja awiri.
Ndamuika pamwamba pa bokosi la mabotolo,
ndipo msewu wonse wokwera ku Boma
ndakhala ndikumumva akugunda chivindikiro.